Kamwana ka ball python sikakudya chibwerere, ndili ku Dedza, ndithandizeni

WaKuBembeke:
Abale moni nonse. Ndili ndi vuto ndipo tulo sindikupeza. Ndatenga kamwana ka njoka ija amati ball python, lero ndi tsiku la 9. Anandipatsa ndi mnzanga wa kuntchito amene amaweta ku Lilongwe, zinaswa kwake komweko, anati kanadyako kale katatu asanandipatse. Koma chibwerere kuno sikanalaweko kanthu. Ndakapatsa mbewa kanayi konse, kamangodzipinda ngati nkhata nkubisa mutu pakati. Ndinakayeza pa sikelo ya kukhitchini kali ndi magalamu 74. Kakukhala mu aquarium ya galasi imene ndinkasungiramo nsomba, pansi ndinathira utuchi wochokera kwa ocheka matabwa, pamwamba ndinapachika babu kuti kazimva kutentha. Tsiku lililonse ndikaweruka ndimakatulutsa kuti kandizolowere, ana nawonso amakagwirako. Kodi kakudwala? Kapena ndikulakwitsa pati?

MayiWaPaLizulu:
Njoka m'nyumba?? Pali ana?? Achimwene mwaganiza bwanji koma

Chiperoni_DZ:
Utuchiwo ndi wa mtengo wanji? Yankhani kaye limenelo

WaKuBembeke:
Wa paini, kuno utuchi umene umapezeka ndi umenewo basi, wa matabwa a ku Chongoni

Chiperoni_DZ:
Chotsani lero lomwe, musadikire mawa. Fungo lija timalikonda tikalowa mokhomera mipando ndi mafuta a mu paini, ndipo kwa njoka amawotcha njira yopumira. Komanso utuchi wa pa macheka ndi fumbi lokhalokha, kamapuma fumbilo usiku wonse mphuno ili pansi. Yalani nyuzipepala kapena ma paper towel oyera. Oyerawo ndi abwino kwa mwana watsopano chifukwa mumaona chilichonse, chimbudzi chake, komanso ngati ali ndi nthata mumaona timadontho takuda tikuyenda.

MlimiWaKachewere:
Ine funso langa ndi lakuti imeneyi si nsato yomwe ija imameza mbuzi ku Golomoti? Ikakula muzakagona kuti inuyo

Nkhwazi_ya_Ntcheu:
Ayi bambo, si imeneyo. Nsato yathu ya kuno ndi mtundu wina, ija imatha kupitirira mamita 4 ndipo ndi yaukali ikapanikizidwa. Ball python kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, Ghana, Togo, Benin, Nigeria, mpaka cha ku Uganda uko, kuno kwathu m'tchire mulibe. Ikakula kwenikweni imafika mita imodzi, zazikazi zina mita ndi theka, basi. Ilibe ululu. Ikaopa siluma kawirikawiri, imangodzikulunga ngati mpira nkubisa mutu, dzina loti ball linachokera pamenepo. Mbuzi singameze, ngakhale nkhuku yaikulu singaithe, ikamawetedwa chakudya chake moyo wonse ndi mbewa ndi makoswe.

Tsopano kwa inu a WaKuBembeke, ndiyankhula mosabisa chifukwa ndasunga ziwiri kwa zaka 6 tsopano. Sindikuganiza kuti kakudwala. Kakuzizidwa ndiponso kali ndi mantha, ndipo zonse ziwirizi zikuchokera m'mene mwakasungira.

Ganizirani kumene makolo ake amakhala. Masana onse amakhala m'mauna a makoswe kapena m'zulu za chiswe, mumdima, mothina, mofunda, mwachinyezi. Amatuluka kukada. Ndiye inu mwatenga kamwana ka magalamu 74 mwakaika m'galasi loonekera mbali zonse, babu likuwala pamutu, popanda pobisala, kenako madzulo aliwonse manja akuluakulu akubwera kuchokera kumwamba kudzakanyamula. Kwa iko chobwera kuchokera kumwamba ndi kabawi. Nyama imene ikuganiza kuti idyedwa sidya, chifukwa ikameza mbewa imalemedwa masiku awiri osatha kuthawa.

Siyani kukagwira. Kotheratu. Ana auzeni aziona ndi maso basi, ndipo ngakhale kuonako kuchepe. Musakagwirenso mpaka katadya kawiri kapena katatu motsatizana. Mbewanso siyani kupereka kwa sabata yathunthu, kuyesa kanayi m'masiku 9 kwangowonjezera mantha.

WaKuBembeke:
Zikomo akulu. Koma sabata inanso osadya sikafa? Ndiye akhala masiku 16

Nkhwazi_ya_Ntcheu:
Sikafa. Njoka si mwanapiye. Ngati kanadyadi katatu kwa mnzanuyo, masabata awiri kapena atatu si kanthu, bola madzi akumwa alipo ndipo thupi silikutsika kwambiri. Chimene chingakaphe msanga ndi chisanu cha kwanuko osati njala.

Chiperoni_DZ:
Pa chisanupo ndiye mawu. Anthu amawerenga za pa intaneti zolembedwa ndi anthu okhala m'nyumba zofunditsidwa nkuiwala kuti ife tili pa Dedza. Tauni yathu ili pamtunda pafupifupi mamita 1,600, mwezi uno wa June ndi wa mawa usiku kunja kumatsika pansi pa madigiri 10, ku Bembeke kwanuko ndiye nkhungu imachita kulowa pakhomo. M'nyumba ya malata yopanda siling'i mbandakucha mwina muli 13 kapena 14. Njoka imeneyi imafuna mbali imodzi ya bokosi ikhale 31 mpaka 32, mbali inayo 25 mpaka 27, usiku isatsike pansi pa 24 kapena 23. Ilibe kutentha kwa m'thupi mwake ngati ife, chakudya chimagayika ndi kutentha kochokera kunja. Ikadya kuli kozizira mbewa imaolera m'mimba, kenako imasanza. Ndiye mwina kukana kudyako kakudzipulumutsa.

Muli ndi thermometer? Babulo usiku mumazimitsa?

WaKuBembeke:
Thermometer ndilibe, ndimangoyika dzanja. Babu ndimazimitsa tikamagona chifukwa lili kuchipinda kwa ana limawasokoneza tulo

Chiperoni_DZ:
Ndiye kuti nthawi imene kukuzizira kwambiri ndi imene kalibe moto ngakhale pang'ono. Dzanja silingakuuzeni zoona achimwene, khungu lathu ndi lofunda kale, chimene mukumva kuti chikutentha bwino chimakhala chapitirira. Gulani ka digital kokhala ndi chingwe, kamene kamaonetsanso chinyezi.

MayiWaPaLizulu:
Ine ndikadali pa ana pomwepo. Kuchipinda kwa ana zoona? Kaya ilibe ululu kaya chani ine ayi

NamwinoWaPaBoma:
Amayi a pa Lizulu pali pena akunena zoona, ngakhale chifukwa chake si kulumwa. Njoka, abuluzi, akamba, zambiri zimakhala ndi tizilombo ta salmonella m'matumbo, izo osadwala. Mwana akagwira nkuika zala mkamwa amatha kutsegula m'mimba koopsa ndi kutentha thupi. Ana osafika zaka 5, amayi oyembekezera ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika asamagwire nkomwe. Aliyense wagwira njoka kapena mbale yake asambe m'manja ndi sopo. Mbale ya madziyo musatsukire kumene mumatsukira ziwiya, ndipo sikelo ya kukhitchini mwatchula ija muziikapo kabakuli kakekake. Bokosilo lichoke kuchipinda kwa ana.

WaKuBembeke:
Wamng'ono ali ndi zaka 4. Ndamva asisi, ndichotsa usiku uno, ndikaika ku kachipinda kosungira katundu

MjoniWobwerera:
Galasilo lisiyeni aise. Ine ku Johannesburg ndinagwirapo ntchito kwa bwana wina amene ankaweta zambirimbiri, ana a njoka onse ankakhala m'mabokosi a pulasitiki okhala ndi chivindikiro chotseka ndi zomangira m'mbali, ngati aja amayi amasungiramo zovala koma ang'onoang'ono. Mumaboola timabowo m'mbali ndi msomali wamoto. Pulasitiki imasunga kutentha ndi chinyezi kuposa galasi lotsegula pamwamba. Pansi pa bokosi, KUNJA osati mkati, mumaika heat mat, mphasa yamagetsi yofunditsa, yogwira gawo limodzi mwa magawo atatu a pansipo, ndipo matiyo ilumikizidwe ku thermostat, kachipangizo koletsa kutentha kupitirira muyezo. Popanda thermostat musayatse, ndinaonapo njoka itapsa mimba yonse mamba atasanduka ofiira ngati nyama yowamba, chifukwa izo sizithawa msanga zikamapsa, zimangokhala pomwepo. Pobisala pakhale pawiri, kofunda ndi kozizira, pothina moti thupi lizikhudza m'mbali. Kambale ka pulasitiki kakuda kovundikira kodula pakhomo nkokwanira, ngakhale kamphika kadothi koswekera m'mphepete.

Ndipo chivindikiro mutseke zenizeni. Zimakankha ndi mphuno usiku wonse kufuna potulukira.

Chiperoni_DZ:
Aise pa mat yokha ndikutsutsani pang'ono. Mat imafunditsa pansi basi, mpweya wa m'bokosi siisintha kwambiri. Kumene munaliko bwanayo mwina chipinda chonse chinali chofunditsidwa. Kuno mungapeze pansi pali 32 koma mpweya uli 17, njoka nkudwala chibayo. Ine bokosi langa ndinalilowetsa mu kabati yamatabwa, m'mbali ndinamata ma styrofoam a m'makatoni a firiji, ndipo ndinawonjezera ceramic heater yaing'ono, ija imatentha osawala, nayonso ili pa thermostat yake. Mpweya unakwera kufika 26.

MjoniWobwerera:
Zoona chipindacho chinali ndi heater ya pakhoma, sindinaganizire. Koma ceramic pafupi ndi pulasitiki samalani isungunula

Chiperoni_DZ:
Ili m'mwamba mwa kabati, kutali ndi chivindikiro, siikhudza

MlimiWaKachewere:
Nanga magetsi akathima? Kuno amatha kupita madzulo kubwera m'mawa

Nkhwazi_ya_Ntcheu:
Funso la nzeru limenelo, ndipo ine linandiphunzitsa mowawa. Chaka changa choyamba ndinali ndikukhala cha ku Tsangano, amene mukudziwako mukudziwa chisanu chake. Magetsi anathima masiku awiri mu July, ine ndinali ku maliro. Pobwera ndinapeza yaikazi ili yozizira ngati mwala wa mumtsinje, patapita masiku ochepa inayamba kupuma molira ngati kamluzu, kukamwa kuli yasa, timathovu m'mbali mwa mlomo, mutu itakweza m'mwamba. Chinali chifuwa. Inachira koma ndi majakisoni a dokotala wa ziweto ku Lilongwe, maulendo angapo, ndalama zinapita zambiri kuposa mtengo wa njokayo.

Kuyambira pamenepo ndimachita izi. Mat yanga ndi ya mawati 10 okha, ndiye usiku wa maola 12 sidya moto wambiri, batire la sola lapakatikati ndi ka inverter limakwanitsa bwinobwino. Ngati mulibe batire, thirani madzi otentha mu botolo kapena kachigubu, kulungani ndi thaulo, ikani pambali pa bokosi kunja kwake, fundikani zonse ndi bulangeti kusiya mpata wa mpweya, nkumasintha madzi akazirala. Muzidzuka usiku, palibe kuchitira mwina. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka ayi, utsi wosaoneka uja umapha anthu ndiye kanjoka sikangapirire. Ndipo ngati mukuona kuti masiku amenewo magetsi akuvuta, musadyetse, ili bwino ndi mimba yopanda kanthu kusiyana ndi mimba yodzaza kuli kozizira.

GogoWaKuNjolomole:
Ana inu ndakhala ndikuwerenga. Za madigiri sindikudziwa koma ndikuuzeni za anthu. Mwana wanga wa ku Bembeke, aneba akudziwa kuti muli ndi njoka m'nyumba? Chifukwa kwathu kuno munthu wosunga njoka amati ndi wokhwima, amati ndi yokawa ufa ndi ndalama m'nyumba za anthu. Mwana wa neba akangodwala kapena golosale yanu ikayamba kuyenda bwino mudzamva dzina lanu pabwalo. Ndaonapo nyumba ikugendedwa pa nkhani yochepa kuposa imeneyi.

WaKuBembeke:
Agogo zimenezo zikundidetsa nkhawa ndithu. Ana anakauza kale anzawo kusukulu, dzulo kunabwera anyamata atatu kudzafuna kuona

MayiWaPaLizulu:
Mwaonatu. Ine apongozi anga atamva sangadyenso nsima kwanga

Nkhwazi_ya_Ntcheu:
Ine ndinasankha kusabisa. Ndinapita kwa amfumu ndekha, ndinawaitana kunyumba pamodzi ndi akuluakulu awiri a kumpingo, anaona bokosi, mawaya, mbewa za mufiriji, ndinawaonetsa ndi mapepala. Chobisika ndi chimene chimabala mphekesera. Olankhula alipobe koma amfumu akudziwa chimene chili m'nyumba mwanga.

MphunzitsiWaHistory:
Chimene chimandidabwitsa nchakuti makolo athu nsato sankaiona ngati chinthu cha mfiti. Ku kachisi wa mvula wa ku Msinja, kwa Makewana, mayi woyang'anira kachisiyo, njoka inali pakatikati pa chipembedzo, mzimu wotchedwa Thunga unkadziwika m'maonekedwe a njoka, ndipo akuluakulu ankaletsa kupha nsato poopa kuti mvula ingakanike. Ku Benin mumzinda wa Ouidah mpaka lero kuli kachisi amene mumakhala ma ball python omwewa, amayenda momasuka ndipo akalowa m'nyumba ya munthu amawabweza mwaulemu. Kwa a Igbo ena ku Nigeria ikafa mwangozi amaiika m'manda ngati munthu. Mantha a njoka ali ndi chifukwa chake, mphiri ndi mbobo zapha anthu ambiri m'minda, koma kuika njoka zonse m'thumba limodzi ndi ufiti ndi zina.

GogoWaKuNjolomole:
Aphunzitsi nsato ya kukachisi inkakhala kutchire kwake, sinkagona m'nyumba ya munthu. Pamenepo pali kusiyana

MphunzitsiWaHistory:
Pamenepo mwandigwira agogo, nzoona

WaZamalamulo265:
Ndakhala chete koma a Nkhwazi atchula mapepala. A WaKuBembeke, mnzanuyo anakupatsani pepala lililonse? Ball python ili pa mndandanda wa Appendix II wa CITES, mgwirizano wa maiko pa malonda a nyama zakutchire, ndipo Malawi ali mu mgwirizanowu, kutanthauza kuti kuidutsitsa malire kumafuna chilolezo. Popeza kuno sizipezeka m'tchire, makolo a kamwanako analowa kuchokera kunja, ndiye funso ndi lakuti analowa bwanji. Lamulo lathu la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, pa nyama zotetezedwa kwambiri monga ngaka ndi njovu chilango chimafika zaka 30. Sindikunena kuti kanjoka kanu kali m'gulu limenelo, koma wapolisi pa roadblock akatsegula bokosi adzangoona nsato, ndipo kufotokoza kusiyana kwake muli m'chitokosi nkovuta. Pitani ku Dipatimenti ya National Parks and Wildlife ku Lilongwe mukafunse zoyenera kukhala nazo, mutatenga makope a mapepala a mnzanuyo.

WaKuBembeke:
Anandiuza kuti makolo ake anabwera ndi mapepala, koma ine sanandipatse kanthu ndipo sindinafunse. Ndimuimbira mawa

MjoniWobwerera:
Komanso anthu asamve nkhaniyi nkupita kukatola ana a nsato kudambo ati ndiwete. Ija ndi ya kutchire, ikakula simungaikwanitse. Mukaipeza pakhomo imbirani a zanyama zakutchire

MlimiWaKachewere:
Tibwerere ku chakudya. Mbewa kuno sizisowa, pano anthu akukolola anyamata akukumba tsiku lililonse, pamsewu wa M1 mipani ili mbwee. Bwanji osangogula zomwezo

Nkhwazi_ya_Ntcheu:
Za pampani ndi zowiritsa, zothira mchere, zoumitsa, zimenezo ndi ndiwo zathu bambo, njoka imadya yaiwisi yathunthu ndi ubweya ndi mafupa omwe. Ngakhale zokumba kumunda zamoyo ine sindingapereke. Zimakhala ndi njoka za m'mimba ndi nthata, ndipo choopsa kwambiri ndi mankhwala a makoswe, anthu amathira m'nkhokwe ndi m'nyumba, mbewa yadya mankhwala imayendabe masiku angapo isanafe, mukaipereka mwapha njoka yanu ndi dzanja lanu. A WaKuBembeke mbewa munkaperekazo zinali zotani?

WaKuBembeke:
Ziwiri zoyamba anandipatsa mnzangayo zoyera zouma mufiriji, ndinangoziika padzuwa pang'ono nkuponyamo masana. Zinazo anagwira mphwanga kumunda, imodzi inali yamoyo ndinaisiyamo usiku wonse

Chiperoni_DZ:
Yamoyo usiku wonse!! Achimwene yang'anani kanjokako bwinobwino pamsana ndi kumchira ngati kalibe mabala. Mbewa ikaona kuti njoka sikuigwira imayamba kuitafuna, ndipo ball python sibwezera, imangodzipinda nkumadyedwa

WaKuBembeke:
Ndayang'ana ndi tochi, mabala palibe. Mtima unali m'mwamba

Nkhwazi_ya_Ntcheu:
Mwapulumuka. Musadzabwerezenso. Sabata ikatha bokosi litakhazikika pa kutentha koyenera, chitani chonchi. Funsani mnzanuyo kuti ankakapatsa chani kwenikweni, mbewa kapena kamwana ka khoswe, yamoyo kapena yakufa, chifukwa tinjoka timeneti timakakamira chimene tinazolowera. Kukula kwake ikhale yofanana ndi pamene thupi la njoka lanenepa kwambiri, kwa magalamu 74 ndiye mbewa ya magalamu 8 mpaka 11. Isungunuke kaye yonse mpaka mkati, finyani pamimba musamve kulimba kapena kuzizira. Kenako ikani mu kajumbo nkuviika m'madzi otentha koma osati owira, kwa mphindi zingapo, makamaka mutu ufunde. Pamlomo wapamwamba wa kanjokako mukayang'anitsitsa muona timaenje tondandalika, timeneto timamva kutentha kwa nyama mumdima. Mbewa yozizira kwa iko ili ngati mwala, nchifukwa chake ya padzuwa ija sikanaione ngati chakudya.

Perekani usiku cha m'ma 8 kapena 9, nyali itazima, gwirani mbewa ndi chopanira chachitali osati zala, muigwedeze pang'onopang'ono patsogolo pa khomo la pobisala, osaigunditsa kumaso. Kakagwira nkukulunga, siyani, tsekani, tulukani. Kakapanda kugwira isiyeni yakufayo pakhomo la pobisala mpaka m'mawa, zina zimadya pakakhala palibe woziona. M'mawa ikakhalapobe tayani, dikirani masiku 5 mpaka 7. Kakadya musakakhudze masiku awiri athunthu.

MayiWaPaLizulu:
Mbewa mufiriji momwe muli nyama ya ana? Koma abale

NamwinoWaPaBoma:
Zikhale mu kontena yakeyake yotseka bwino, yolembedwa, pansi penipeni pa freezer. Ndipo posungunula osagwiritsa ntchito mbale zodyera

MjoniWobwerera:
Vuto lenileni kuno ndi kopeza mbewa zoyera mosadukiza. Kamwana kamadya sabata iliyonse, pachaka ndi mbewa pafupifupi 50. Ambiri amathera poweta okha, yaimuna imodzi zazikazi ziwiri kapena zitatu, bere lake ndi masabata atatu okha ndiye zimachulukana msanga. Koma dziwani kuti ndi chiweto chachiwiri chimenecho, chofuna chakudya, kutsuka, ndipo fungo lake ndi loposa la njoka kutalitali. Komanso muyenera kulimba mtima kuzipha mwachangu mosazizunza

MlimiWaKachewere:
Ndiye ntchito ilipo. Imakhala zaka zingati?

Nkhwazi_ya_Ntcheu:
20 mpaka 30 ikasamalidwa bwino, zina zapitirira 40 kumalo osungira nyama. Mwana wa zaka 4 uja adzakwatira iyo ikadalipo

WaKuBembeke:
Abale ndabweranso, papita masiku 6. Ndinapita ku Lilongwe Loweruka, mnzanga uja anandibwereka mat ndi thermostat, thermometer ndinagula. Usiku woyamba ndisanasinthe kanthu ndinayeza mu galasi muja 5 koloko m'mawa, munali 15. Ndinakhala pansi ndithu. Pano kali mu bokosi la pulasitiki mkati mwa kabati, kofunda 31, kozizira 25, mbandakucha mpweya ukumatsika kufika 23. Sindinakagwire chiikireni. Koma tsopano kwabuka china, maso ake achita mtambo ngati a nkhalamba ya ng'ala, khungu lachita mbuu, kumimba kwafiirira pang'ono. Kapsa ndi mat? Kapena kachita khungu chifukwa cha babu lija?

Chiperoni_DZ:
Kakufuna kufundula, si matenda. Kufiirira kwa kupsa kumakhala ndi matuza kapena mamba ofota pamalo amodzi, uku kumakhala pinki pamimba ponse. Maso akhala choncho masiku angapo, kenako ayera ngati palibe chachitika, patapita masiku ena ochepa ndiye kavula. Ana a njoka amafundula pafupifupi mwezi uliwonse kapena kupitirirako pang'ono chifukwa akukula. Chinyezi chikuonetsa bwanji?

WaKuBembeke:
42

Chiperoni_DZ:
Chachepa. Masiku wamba chikhale 55 mpaka 65 peresenti, pofundula chifike 70 kapena kuposerapo. Nyengo ino mpweya ndi wouma ndipo heater imaumitsanso. Ikani mbale ya madzi yokulirapo, yolemera yosagubuduzika, isunthireni pafupi ndi mbali yofunda. Tengani kakontena ka majarini, boolani khomo, ikani ma paper towel onyowa ofinya mkati, kazilowamo kokha. Pansi pa bokosi ponse pasanyowe, kugona pachinyontho kumaoletsa mamba a kumimba. Kakafundula tambasulani khungulo muone ngati tizivindikiro tiwiri ta maso tatuluka nalo, komanso nsonga ya mchira. Zikatsalira musakoke ndi zikhadabo.

MjoniWobwerera:
Ena amati muziviika m'beseni la madzi ofunda

Nkhwazi_ya_Ntcheu:
Kwa aka ayi, kangoyamba kumene kukhazikika, kukaviika ndi kukabwezeranso ku mantha. Kakontena konyowa kakwana. Ndipo kudyetsa kuja imitsani mpaka kafundule, maso ali chonchi sikaona bwino, zambiri zimakana. Zikutanthauza kuti mwina mufika masiku 25 osadya, musatekeseke. Kakangofundula kayezeni kamodzi, ngati katsika kupitirira magalamu 7 kapena 8, kapena msana wayamba kuoneka ngati mpeni, kapena mwamva kamluzu popuma, pitani kwa dokotala wa ziweto ndipo mufunse kaye pafoni ngati amaona zokwawa, si onse.

GogoWaKuNjolomole:
Kwa amfumu munapita?

WaKuBembeke:
Ndinapita agogo, ndinatenga ndi amalume. Anaseka kaye kenako anati abwera adzaone okha Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi. Akazi anga ndi amene sanagwirizane nazobe, akuti kachipindako ndizikiya ndipo kiyi azisunga iwo, ndavomera

MayiWaPaLizulu:
Akazi anuwo ndi anzeru, apatseni moni

WaKuBembeke:
Abale kadya!! Kanafundula Lachitatu usiku, khungu lonse limodzi ngati sokosi yovula mopindiza, ta maso tonse tiwiri tilipo, ana alipachika pa khoma. Ndinakayeza kali 71. Dzulo 9 koloko ndinafunditsa mbewa ya magalamu 9 monga munanenera a Nkhwazi, ndinangoifikitsa pakhomo la kambale, kanatulutsa lilime kawiri katatu, khosi nkupinda, kenako kanagwira mwamphamvu moti chopanira chinandipulumuka m'manja. Ndinatseka nkutuluka, ndinakhala pakhonde mphindi 40 ndikuzizidwa osafuna kuponda pafupi. M'mawa uno mbewa palibe, kali kumbali yofunda pamimba patatupa pang'ono.

Chiperoni_DZ:
Eya! Tsopano manja m'thumba mpaka Lolemba. Usiku uno ndi mawa ndiye ofunika kwambiri pa kutentha, botolo la madzi likhale pafupi ngati magetsi angathime

Nkhwazi_ya_Ntcheu:
Lembani mu kope tsiku, kulemera kwa mbewa, kulemera kwa njoka, tsiku lofundula. Yotsatira pakatha masiku 7, kukula komweko, musafulumire kukweza. Kakasanza, zimene sindikuyembekezera, musapereke kanthu masabata awiri. Kugwira kudikire kadye kawiri kena, ndipo poyamba mphindi 5 zokha, mukakanyamula lowetsani dzanja cha m'mbali ndi pansi osati kuchokera pamwamba.

WaZamalamulo265:
Nanga mapepala aja?

WaKuBembeke:
Mnzanga wanditumizira zithunzi za mapepala a makolo ake pa WhatsApp, ndasindikiza. Ndapempha tchuthi Lachinayi kuti ndipite nawo ku ofesi ya a zanyama zakutchire. Njokayo ndiitenge kapena ndipite ndi mapepala okha?

WaZamalamulo265:
Mapepala ndi zithunzi za njokayo basi. Akafuna kuiona adzakuuzani okha

Chiperoni_DZ:
Isatuluke m'bokosi, minibasi ya m'mawa kuchoka pa Dedza mphepo yake mukuidziwa, komanso Lachinayilo ndi pafupi ndi tsiku lodya